A Mtambalika Adikira Zochonga

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo poti netiweki yatithawa, tsekani malaputopu anuwo mumvetsere. Ndikunena mwambi wa Ndadziwakale, womwe ndangomuponyera mnzanu wakhala pazenerayo chifukwa chondidula pakamwa ndisanamalize kufotokoza. Ena adzakuuzani kuti ndi mwambi wa makolo, kuti unalipo makompyuta asanabwere. Musalimbane nawo. Ine ndikukuuzani zomwe ndinaona pa koleji ina ya aphunzitsi kumene ndinkagwira ntchito ndisanabwere kuno, ndipo mwini nkhaniyo ofesi yake inagundana khoma ndi yanga.

Dzina lawo anali a Mtambalika, ndipo ankaphunzitsa kaphunzitsidwe ka masamu. Anali atapuma kale pa ntchito, koma akazi awo atamwalira nyumba inawakulira. Ana onse anali m'matauni, aja oimba foni pa Khirisimasi pokha. Tsono koleji inasowa munthu wophunzitsa aphunzitsi a m'masukulu akumidzi, amene amaphunzira ali kwawo n'kumabwera kukoleji pa holide. Atamva zimenezi, a Mtambalika anavala jekete tsiku lomwelo. Anawalemba teremu imodzi yokha, akuti zikayenda bwino adzawonjezera ina. Munthu uja ankaopa chinthu chimodzi: kubwerera kukakhala yekhayekha pakhonde paja, n'kumayang'ana nkhuku za eni zikudutsa.

Pa kuchonga anali katswiri, ndisawanamizire. Kale, asanapume, wophunzira akalemba tsamba limodzi iwo ankamuyankha masamba awiri ndi cholembera chofiira. Akabweza mapepala, pakhomo la ofesi yawo pankadzaza anthu odzakangana za malikisi. Iwo ankadandaula tsiku lililonse kuti anthuwa sawapatsa mpata wopuma. Koma mpando wa alendo mu ofesimo anachita kubweretsa okha kuchokera kunyumba, n'kuuikira kakhushoni.

Chilema chawo chinali chakuti sankalola kuuzidwa kanthu. Ukati kunja kukubwera mvula, ankati, "Ndadziwa kale." Ukawauza za maliro, ankati, "Ndadziwa kale," ngakhale munthuyo atangotsirizika kumene ndipo iwe ndiwe woyamba kutuluka m'nyumba ya malirowo. Ife mu sitafu tinangowapatsa dzina la Ndadziwakale, ndipo atalimva anati analidziwa kale.

Chaka chimene anabwereracho, koleji inabweretsa sisitimu ngati yomwe ndikukuphunzitsaniyi. Mphunzitsi aliyense ankakhala ndi tsamba lake pa intaneti loikapo manotsi ndi mafunso. Ophunzira ankatumiza asayimenti pa foni ali kwawo, mphunzitsi n'kuchonga pomwepo. Ine ndi amene ananditumiza kukaphunzira zimenezi, kuti ndidzaphunzitse anzanga. Pa tsiku la maphunzirowo a Mtambalika anakhala kutsogolo, ali ndi laputopu yomwe mwana wawo anawatumizira m'malo mobwera yekha.

Ndinaonetsa kakonzedwe ka tsamba, iwo akungogwedeza mutu ngati ndi iwo anandiphunzitsa. Ndinaonetsa kaikidwe ka funso ndi tsiku lotsekera, iwo n'kumamalizitsa ziganizo zanga molakwika. Titamwa tiyi anatseka laputopu, naimirira.

"Mayi Kalinde, zatsalazo ndi zobwereza," anatero. "Ine ndinayamba kumenya taipulaita inu musanamere mano."

"Bambo, chatsala n'chaching'ono, koma ndicho mutu wa nkhani," ndinayankha.

"Ngati n'chaching'ono ndiye ndachidziwa kale."

Anatuluka akuimba kamluzu. A Pulinsipolo nawo anawatsatira, akuti anali ndi msonkhano ku boma.

Chaching'onocho chinali ichi. Tsamba lililonse latsopano limabadwa lobisika, kuti mphunzitsi akonze zinthu zake popanda womuonerera. Pakona pake pamakhala kachithunzi ka kadiso kotsinzina. Mwini tsamba akapanda kukadina kuti kapenye, tsambalo amaliona yekha, ndipo wophunzira angafufuze mpaka chala kutupa sangalipeze. Mawa lake ndinawagogodera kuti ndiwauze.

"Bambo, pakona pa tsamba pali kadiso—"

"Ndakaona," anandidula, osadzutsa n'komwe mutu.

Ndinabwerera ku ofesi yanga mtima uli m'malo. Tsamba la mphunzitsi limakhala ndi kiyi wakewake, sungalowemo ngati mwini sanakuitane, ndiye ndinangokhulupirira. Kukaona anakaonadi kadisoko. Kungoti anakayesa chokongoletsa.

Tsiku lotsegulira teremu, ophunzira asanabwerere kumasukulu awo, a Mtambalika anawasonkhanitsa. Munthu yemwe dzana lomweli ankati makompyuta ndi ulesi, tsopano anali atatembenuka mtima kuposa tonsefe. Anayamba wafunsa aliyense dzina, sukulu yake ndi kalasi yomwe amaphunzitsa, chifukwa pa kusunga anthu m'mutu analibe mnzawo. Kenako analemba funso la asayimenti pa bolodi, napereka malamulo.

"Masiku a mapepala atha. Wondibweretsera pepala, ndidzamubwezera. Foni ya nambala yachilendo sindiyankha. M'gulu lanu la watsapu ndatulukamo, ndatopa ndi zithunzi za maluwa. Wondifuna, andipeza patsamba."

Mayi wina wamtali, dzina lake Esinala Kapito, yemwe ankaphunzitsa Sitandade 3 pa sukulu ina kuseri kwa mapiri, anakweza mkono. "Nanga tikavutika kulowa, aphunzitsi?"

"Simuvutika. Ndakonza ndekha."

Ndipo anakonzadi, ana inu. Tsamba langa linali ngati chisakasa poyerekeza ndi lawo. Pamwamba anaikapo chithunzi chawo ali mu gauni. Manotsi anataipa okha ndi zala ziwiri, mutu uliwonse ndi zitsanzo zake, mpaka anadzijambula mawu akuimba nyimbo yophunzitsira kuchulukitsa. Funso la asayimenti linali loti wophunzira afotokoze momwe angaphunzitsire ana kugawa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamudzi. Atamaliza analemba uthenga woyamba: "Aphunzitsi anzanga, takulandirani. Pano ndi panu, khalani omasuka." Anagula zolembera zofiira zatsopano ngakhale kuti pa sisitimu sizifunika, nazindandalika patebulo.

Kenako anayamba kudikira.

Patsambapo pamakhala kabokosi koonetsa chiwerengero cha amene atumiza ntchito. M'mawa uliwonse a Mtambalika ankalawirira, kupukuta tebulo, kutsegula laputopu, n'kupeza kabokosiko kakuonetsa ziro. Sabata yoyamba anati ndi mwambo wa ophunzira, amatumiza tsiku lomaliza. Analemba uthenga wokumbutsa, waulemu. Tsiku lomaliza linafika n'kudutsa, ziro ali pomwepo. Analemba uthenga wina wa moto, wonena kuti ulesi ndi matenda ndipo mphunzitsi waulesi amapatsira kalasi yonse. Anautumiza, nakhala tsonga kudikira kuti wina apepese kapena akwiye. Palibe anapepesa, palibe anakwiya.

Ife ku sitafu rumu tinali kulira ndi ntchito. Mafoni ankalira usana wonse, maso ankawawa, wina anatumiziridwa chithunzi cha asayimenti chojambulidwa chozondoka ndipo ankachonga atapendeketsa khosi. Tsiku lina ndinawafunsa a Mtambalika kuti kwawo zikuyenda bwanji.

"Anga atumiza onse," anatero akutakasa tiyi. "Akulemba zakupsa."

Ndinachita nsanje, ndikuuzeni. Koma bodza limatopetsa mwini wake. Posakhalitsa anasiya kubwera ku tiyi, n'kumadyera mu ofesi chitseko chili chotseka, mbatata m'dzanja limodzi, dzanja linalo likudina kuti tsamba litsegukenso mwina china chalowa.

Kunjako ophunzira sanakhale chete. Ankafufuza dzina la a Mtambalika pa mafoni awo osapeza kanthu. Akaimba, foni inkangoitana mpaka kuduka. Ena anaimbira a Pulinsipolo, ndipo a Pulinsipolo anapita kukafunsa.

"A Mtambalika, ophunzira akuti tsamba lanu sakuliona."

"Ndadziwa kale, bwana. Kale ankati mbuzi yadya kope, lero akuti tsamba silikuoneka. Bodza langosintha malaya." Anatembenuza laputopu. "Onani nokha. Ili si tsamba?"

A Pulinsipolo anaona gauni, anaona manotsi, anamvetserako nyimbo ya kuchulukitsa. Paja nawo anathawa maphunziro anga asanathe, ndiye kadiso kaja anakayang'ana ngati mmene mbuzi imayang'anira wotchi. Anatuluka akuyamikira, nakauza ophunzirawo kuti afufuze bwinobwino ndipo asiye kuvutitsa munthu wamkulu. Nkhaniyo inathera pakati pa awiriwo, ine sinandipeze.

Esinala Kapito sanagonje. Analemba asayimenti yake pamanja, naiika mu envulopu, n'kuipatsira kondakitala wa minibasi. Envulopuyo inafika ili ndi fumbi komanso fungo la usipa. A Mtambalika anandiuza okha pambuyo pake kuti anaigwira nthawi yaitali, akuiyeza kulemera m'manja, ndipo mate anadzaza m'kamwa ngati munthu wanjala waona nyama. Cholembera chofiira anali atachivula kale chivindikiro. Koma lamulo analiika okha pamaso pa anthu, ndipo kulithyola kukanakhala kuvomera kuti penapake zalakwika. Analemba pamwamba pake kuti, "Tumizani patsamba," naibweza ndi minibasi yomweyo osaitsegula.

Atabweza envulopu ija mtima unayamba kuwawawa. Anasuntha tsiku lotsekera. Palibe anatumiza. Anaganiza kuti mwina funso lavuta, nalifewetsa. Analifewetsanso, mpaka linafika poti wophunzira angotchula zinthu zitatu zomwe ana angawerengere. Mauthenga awo nawo anasintha mawu. Moto uja unazima, kunabwera kunyengerera: "Ngakhale ndime imodzi ndilandira." Kenako: "Zolakwika musaope, ntchito yanga ndi kukonza." Pamapeto pake analemba kuti, "Amene wawerenga uthengawu angoyankha kuti 'ndilipo', ndimupatsa malikisi asanu aulere." Mukudziwa inu kuti wophunzira sangasiye malikisi aulere ngakhale atakhala pa bedi la chipatala. Apa munthu wina aliyense akanadabwa n'kukafunsa. A Mtambalika anangotsimikiza mumtima kuti ophunzirawo awakana.

Masana ena ndikudutsa pazenera lawo ndinaona chinthu chomwe sindidzaiwala. Dzanja linali litawayabwa chifukwa chosachonga, ndiye anatenga pepala n'kuyankha okha funso lawo loyamba lija. Atamaliza anakhala pampando wawo, navala magalasi, n'kuyamba kulichonga ndi cholembera chofiira, akupukusa mutu. Anadzipatsa sikisite thuu. Pansi pake analemba ndemanga yoti, "Nzeru muli nazo, koma mwayankha musanawerenge funso lonse." Kenako anazungulira tebulo, nakakhala pampando wa alendo uja, n'kuliwerenga pepalalo ngati alilandira kumene.

"Koma aphunzitsi, apa mwandimana," anatero, akuyang'ana mpando wopanda munthu.

Ndinaseka ndikuthawira ku ofesi yanga, poganiza kuti akuyeserera phunziro. Lero ndikakumbukira sindiseka kwambiri. Munthu uja anali atasowa ngakhale womutsutsa.

Teremu inatha, nthawi yopereka malikisi ku ofesi inakwana. A Mtambalika anatsegula mayina a ophunzira awo n'kuyamba kuika ziro mmodzimmodzi. Koma ziro wopanda ndemanga sanaperekepo chibadwire, ndiye aliyense anamulembera mawu akeake. Wina anamufunsa ngati denga la kalasi yake linakonzedwa. Wina anamufunsa za mwana yemwe anabwera naye kumsana tsiku lotsegulira lija. Kwa Esinala analemba kuti, "Envulopu yanu inali yolemera bwino. Ndikanakonda kudziwa zomwe munalemba." Zonsezi zinakhala patsamba lomwelo, pomwe panalibe woziwerenga.

A Pulinsipolo ataona mzere wa maziro kuchokera pamwamba mpaka pansi, anawaitana. Kalasi yonse kulephera kunatanthauza kuti aphunzitsi onsewo abwereze chaka.

"A Mtambalika, pa ntchito yanu palibe amene angakayike. Koma zikuoneka kuti inu ndi ophunzira a masiku ano simunamvane. Teremu ya mawa tiyesa munthu wina."

"Ndadziwa kale, bwana," anayankha motsitsa mawu.

Anabwerera ku ofesi n'kulemba uthenga wotsiriza. Kenako anakapempha katoni ku kantini, nayamba kulongedza mabuku.

Ophunzira anafika pa holide n'kupeza maziro awo atapachikidwa pa bolodi. M'mawa womwewo ndinamva phokoso panja pa maofesi athu ngati pamsika. Anali atadzaza pabwalo ponse, aphunzitsi akuluakulu a mabanja awo, ena atakwiya mpaka kuvula mataye. Anasankha Esinala kuti awalankhulire. Iye analowa m'khonde atasenza thumba la feteleza lodzaza, nagogoda pa chitseko cha a Mtambalika mwamphamvu moti ine ndinatuluka poganiza kuti akugogoda kwanga.

A Mtambalika anatsegula. Anali ataonda, jekete likulendewera m'mapewa, m'manja atanyamula kakhushoni ka pampando wa alendo.

"Mwabwera kudzatani, mayi? Teremu yonse ndakhala ndikukuitanani."

"Kutiitana kuti, aphunzitsi? Foni simuyankha, pepala munabweza. Ine ndakwera phiri la kwathu kufuna netiweki mpaka anthu ayamba kunena kuti ndili ndi chibwenzi kumeneko. Amuna anga anachita kunditsatira tsiku lina. Anandipeza ndili pamwala, ndikufufuza dzina lanu."

"Tsamba lilipo."

"Kulibe."

"Lilipo, mayi. Ndinalimanga ndi manja angawa."

Anatsegula laputopu mwaukali. Esinala anatula thumba, natulutsa foni yake yosweka galasi, n'kuiika pambali pa laputopuyo. Ine ndinali nditalowa kale osaitanidwa. Pa laputopu panali gauni, manotsi ndi mauthenga mzere wautali. Pa foni panali masamba a aphunzitsi ena onse, langa lomwe, koma pa malo a masamu panali poyera. Ndinayang'ana pakona pa tsamba lawo, ndipo kadiso kaja kanali chitsinzinire.

"Bambo, kadiso aka," ndinatero ndikuloza.

"Ndinakuuzani kuti ndinakaona."

"Munakadina?"

A Mtambalika anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anayang'ana ine, anayang'ana Esinala, anayang'ana katoni ya mabuku.

"Kamadinidwa?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

Ndinali ndi mawu ambiri omwe ndinawasungira munthu ameneyu kwa zaka, koma nditaona nkhope yawo onse anandithawa. Ndinangoti, "Dinani, bambo." Chala chawo chinaphonya koyamba, kachiwiri chinagunda. Kadiso kanapenya.

Panja mafoni onse analira nthawi imodzi ngati achule mvula yoyamba ikagwa. Phokoso la mkwiyo lija linaduka, mitu yonse inawerama. Ife tinali pazenera tikuonerera. Munthu wina anayamba kuseka ataona gauni. Wina anatsegula nyimbo ya kuchulukitsa, mawu a a Mtambalika n'kumveka pabwalo ponse, ndipo anthu anagwirana mapewa ndi phwete. Mwamuna wina wa mawu aakulu anayamba kuwerenga mauthenga mokweza kuyambira woyamba. Pa "khalani omasuka" anaseka. Pa "ulesi ndi matenda" anakuwiza. Atafika pa funso lofewetsedwa lija, mayi wina anakhala pansi chifukwa cha kuseka. A Mtambalika anafuna kutseka zenera, koma dzanja linangotsalira pa chogwirira.

Wowerenga uja anapitirira, ndipo kuseka kunayamba kuchepa. Anawerenga wa ndime imodzi. Anawerenga wa malikisi asanu aulere, ndipo anaseka ndi ochepa okha. Kenako anafika pa uthenga wotsiriza, nauyamba ndi mawu omwewo achipongwe, koma pakati pake mawuwo anasintha okha.

"Aphunzitsi anzanga, ine ndikupita. Sindikudziwa chomwe ndinakulakwirani, koma ngati ndi ukali wanga, pepani. Kunyumba kwanga kuli zii chichokereni mayi a kunyumba, ndipo ndinabwerera kuno poganiza kuti ndidzamvanso phokoso la anthu okangana nane za malikisi. Tsiku lililonse ndimatsegula pano m'mawa n'kutseka madzulo. Manotsiwa ndawasiya, mwina wina adzawafuna."

Wowerenga uja anatsitsa foni. Aliyense anali atapeza ziro wake ndi mawu omwe anamulembera pansi pake. Mayi wa mwana kumsana uja anaphimba nkhope ndi nsalu. Esinala anawerenga zake ali chiimire pambali panga.

Kenako laputopu ya patebulo inalira kamodzi. A Mtambalika anatembenuka. Pansi pa uthenga wa malikisi asanu panali patalowa yankho loyamba la teremu yonse, la liwu limodzi: "Ndilipo." Inaliranso. "Ndilipo." Inayamba kulira mosalekeza, mayina akutsikira pansi, lililonse ndi liwu lomwelo. A Mtambalika anakhala pansi osayang'ana pomwe akukhala, ndipo anapezeka ali pampando wa alendo. Misozi inkatsika, iwo osaipukuta.

"Munalipo," anatero.

"Tinalipo teremu yonse, aphunzitsi," anayankha Esinala. "Tinkazungulira kunja, inu muli m'kati. Amuna anga ndi mmisiri womanga, koma nyumba yokongola chonchi sanamangepo. Mwangoiwala polowera."

Anamasula thumba la feteleza lija n'kulikhuthula patebulo. Munali maasayimenti a kalasi yonse, olembedwa pamanja, poti funsolo analimva kwa Esinala, yemwe analikopera pa bolodi tsiku lotsegulira. Pamwamba penipeni panali envulopu ya fungo la usipa. A Mtambalika anaitola, naitsegula ndi chala mosamala, kwinaku dzanja linalo likufufuza cholembera chofiira m'katoni.

A Pulinsipolo anafika mochedwa monga mwa masiku onse. Atamva nkhani yonse anakanda m'mutu, poti nawo kadiso kaja anakaona ndi maso awo. Anachotsa maziro pa bolodi, nawapatsa a Mtambalika holide yonse kuti achonge. Za munthu wina uja sanazitchulenso, chifukwa ophunzira anali atafola kale m'khonde mpaka panja. Ankafuna malikisi awo asanu aulere, ndipo a Mtambalika anakana, akuti mwayiwo unatha ntchito. Mkangano unabuka pomwepo, waukulu, wa anthu ambiri olankhula nthawi imodzi. Sindinawaonepo bambo aja akusangalala ngati tsiku limenelo.

Madzulo ake, anthu atachepa, ndinamva kugogoda pa chitseko changa. Anali iwo, laputopu ili kukhwapa, zala zili zofiira ndi inki.

"Mayi Kalinde, malikisiwa ndikachonga, amafika bwanji kwa eni ake?"

"Choyamba mumatsegula apa—"

"Ndadzi—" Anadzigwira pakamwa. Anakoka mpando n'kukhala. "Yambirani poyambirira, mayi. Ndipo chaching'ono chilichonse musachidumphe."

Anaphunzitsa pa koleji ija mpaka miyendo inawakana, ndipo chitseko cha ofesi yawo ankachitchinjiriza ndi njerwa kuti chisatsekeke. Koma dzina likakumata silichoka. Aphunzitsi aja anabwerera kumasukulu awo ndi mawu a Esinala, nawauza anzawo, anzawowo n'kuuza ana a m'kalasi, mpaka mawuwo anasalala ngati mwala wa mumtsinje ndipo mwini nkhani anaiwalika.

Taonani, netiweki yabwera. Iwe wa pazenera, tsegula tsamba lako tione pakona. Ukuti wakaona kale? Ndi zomwezo anandiyankha a Mtambalika. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.